AKUBA NSOMBA PA NYANJA YA MCERE

Munthu wofika pa msika wa Chipata, wa Katete kapena wa Petauke masiku ano apeza amai ali kugulitsa nsomba ya mtundu umene makolo akale sanaudziwe. Nsombayi ifika m'makatoni, yolimba gwa ndi cisanu, ndipo ambiri aicha karapao, dzina limene linacokera kwa Apwitikizi. Si ya m'Luangwa, si ya ku Kariba, si ya ku Mpulungu iai. Ndi nsomba ya m'nyanja ya mcere, ndipo yambiri icokera ku dziko la Namibia. Aikweza pa malole ozizira pa doko la Walvis Bay, naoloka nayo Zambezi pa mlatho wa Katima Mulilo, nadzera ku Sesheke ndi ku Livingstone kufikira ku Lusaka, kumene amalonda aitenga kunka nayo kum'mawa.

Nsombayi ithandiza mabanja ambiri, maka-maka m'miyezi ya dzinja, kuyambira pa 1 December kufikira kumapeto kwa February, pamene Boma litseka usodzi m'mitsinje ndi m'nyanja zambiri za dziko lino kuti nsomba ziswane. Nthawi imeneyo ndiyonso ya kupalira, pamene thupi lifuna ndiwo ya mafuta ndipo ndalama m'nyumba zacepa. Mai wogula karapao atatu kapena anai sadziwa kuti ndiwo yaceyo ili pakati pa mkangano waukulu wa asodzi a cilolezo, akuba, amalonda a kutsidya la nyanja, ndi nduna za maboma. Dziko la Zambia lilibe gombe la nyanja ya mcere, koma mphika wace uli ndi gawo m'nyanjamo, ndipo n'koyenera kuti anthu a m'midzi adziwe zimene zili kucitika kumeneko.

Bungwe la United Nations loona za cakudya ndi ulimi, lochedwa FAO, liwerenga nsomba za m'nyanja monga alangizi awerenga ng'ombe pa dibi. M'caka ca 1974 linapeza kuti pa magulu 100 a nsomba, magulu 10 anali kugwidwa mopitirira mphamvu yao ya kuswana. Pofika caka ca 2021 magulu otere anali pafupi-fupi 38. Akatswiri ena anawerengera m'caka ca 2009 kuti nsomba zogwidwa mwa kuba, pamodzi ndi zogwidwa osazilembetsa, zinali pakati pa matani 11,000,000 ndi matani 26,000,000 pacaka. Manambala awiriwa atalikirana cotero cifukwa wakuba salemba risiti.

MUNDA WA M'MADZI

Gombe la Namibia ndi cipululu ca mcenga, kumene mvula siigwa kawiri-kawiri. Koma madzi oyandikana ndi cipululuco ali m'gulu la madzi obala koposa pa dziko lonse la pansi. Cifukwa cace ndi ici: mphepo ya kumwera ikankha madzi a pamwamba kunka nao kutali ndi gombe, ndipo madzi ozizira a pansi akwera kudzalowa m'malo mwace, atasenza manyowa a zinthu zonse zimene zinafera ndi kuolera pansi pa nyanja. Zifanana ndi dimba limene madzi osefukira asiyamo dothi latsopano caka ndi caka. Pa manyowawo pamera ndere zazing'ono-ng'ono zosaoneka ndi maso. Tizilombo ta m'madzi tidya nderezo. Nsomba zazing'ono zidya tizilomboto. Ndipo nsomba zazikulu, mbalame, ndi nyama za m'nyanja zidya nsomba zazing'onozo. Madzi ozizira amenewa achedwa Benguela.

Pakati peni-peni pa moyo wonsewu panali nsomba imodzi, pilchard, ija anthu aidziwa m'zitini za msuzi wa matimati. M'zaka za m'ma 1960, pamene dzikolo linali m'manja mwa South Africa ndipo linali kuchedwa South West Africa, mafakitale a ku Walvis Bay anaigwira usana ndi usiku, ndipo kunabweranso sitima zazikulu zokhala ndi fakitale m'kati mwace, zoima pa nyanja pomwepo. M'caka ca 1968 cokha anabvuula matani pafupi-fupi 1,400,000. Kuti munthu aone kuculuka kwace, ayese malole oposa 46,000, lililonse litasenza matani 30. Yambiri mwa nsomba imeneyi siinalowe m'kamwa mwa munthu. Anaiphika, naifinya mafuta, naipera kukhala ufa wodyetsa nkhumba ndi nkhuku za maiko akutali.

Zaka khumi ndi ziwiri zitapita, zogwidwa pacaka sizinafike angakhale gawo limodzi la magawo makumi awiri a zija za 1968. Kodi eni mafakitale sanaone tsoka lili kudza? Pilchard ili ndi khalidwe limene linyenga msodzi. Iyenda m'magulu othithikana, ndipo angakhale itacepa m'nyanja monse, yotsalayo isonkhanabe pamodzi, kotero kuti ukonde ukaizinga ubwera wodzala monga kale. Zili ngati nkhokwe imene anthu atapa ndi pa kabowo ka pansi: dengu lidzala tsiku ndi tsiku, ndipo wosasuzumira pamwamba sadziwa kuti cimanga catha kufikira tsiku limene dzanja ligunda pa thandala. Akatswiri a nsomba anacenjeza, koma mau ao anacepa mphamvu pamaso pa ndalama. Kunena zoona, kugwira kumeneku kwambiri kunali kololedwa ndi malamulo a masiku amenewo. Nyanja siisiyanitsa ukonde wa wakuba ndi ukonde wa cilolezo; imva kulemera kwa zimene zacotsedwa basi.

Kunja pang'ono, m'madzi akuya, munali nsomba ina ya mnofu woyera yochedwa hake, imene anthu a ku Spain aikonda kwambiri. Sitima za Soviet Union, za Spain ndi za maiko ena ambiri zinasonkhana kumeneko monga mbalame pa munda wa mapira wopanda woingitsa. Wopanda woingitsa ndithu, pakuti United Nations inathetsa ulamuliro wa South Africa pa dzikolo m'caka ca 1966, ndipo maiko sanabvomere kuti South Africa aike malire pa madzi amene sanali ace. Eni ace eni-eni naonso anali asanalandire ufulu. M'caka ca 1972 hake yogwidwa m'madzi amenewo inaposa matani 800,000.

Namibia analandira ufulu pa 21 March 1990, ndipo Boma latsopano linalamula sitima zacilendo kuti zituluke m'madzi ace. Zambiri zinacoka, koma zina zinatsala, podziwa kuti dziko la miyezi yowerengeka lilibe sitima za nkhondo zozithamangitsa. Mu November caka comweco anchito a Boma anabwereka helikopita, natsikira pa sitima zisanu za ku Spain zili pakati pa kuba, nazigwira zonse. Makhoti anapereka zilango zolemera, ndipo mbiri yace inamveka m'madoko onse. Pambuyo pace Boma linaika malire a hake pa matani 60,000 okha m'caka ca 1991, kuti nsombayo ipume. Inabwerera pang'ono-pang'ono, ndipo m'zaka za pafupi ndi 2020 malirewo anali pa matani ngati 150,000 pacaka.

ZIMENE ZINATSALA M'MADZIMO

Pilchard siinabwerere monga hake. Madzi akatayika saoleka. Mlimi adziwa kuti munda ukasiyidwa wopanda mbeu sukhala wopanda kanthu, umera kaufiti ndi nsongole, m'nyanja momwemonso. Cakudya cimene pilchard inali kudya cinapeza wina wocidya, ndiye colengedwa cochedwa jellyfish, cooneka ngati bowa woyandama, ca madzi-madzi, copanda fupa kapena mnofu, ndipo coyabwa monga citedze. Akatswiri amene anapima madzi a Namibia analengeza m'caka ca 2006 kuti zolengedwa zimenezi zinali kulemera matani oposa 12,000,000, pamene nsomba za m'madzi omwewo sizinafike matani 4,000,000. Coipa cina n'cakuti jellyfish idya mazira ndi ana a nsomba, motero ikakhazikika pamalo, nsomba zibvutika kubwererapo.

Mbalame za m'nyanja nazo zinalowa m'njala. Pa zilumba za ku Namibia ndi South Africa pakhala mbalame yosauluka yochedwa penguin, imene isambira pofuna pilchard yodyetsa anapiye ace. Nsombayo itasowa, makolo anayamba kusambira mtunda wautali ndi kubwera ndi tinsomba topanda mafuta, ndipo anapiye ambiri anafera m'zisa. M'caka ca 2024 mbalameyi inalembedwa m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Ukonde sunaikole mbalameyo; unangocotsa mbale pakamwa pace.

MACENJERA A AKUBA

Lamulo la maiko lonena za nyanja, limene linasainidwa m'caka ca 1982, lipatsa dziko lililonse la kugombe ulamuliro pa nsomba za m'madzi ofika mamailosi 200 a panyanja kucokera ku mtunda, ndiwo makilomita 370. Kupitirira pamenepo ndi nyanja ya onse, imene mabungwe a maiko ayesa kuiyang'anira mogwirizana. Wakuba ndiye wolowa m'madzi a eni wopanda cilolezo, wogwira kuposa gawo limene anapatsidwa, wochera ukonde woletsedwa, kapena wobisa zimene wagwira. Pa pepala zonse zili bwino. Bvuto n'lakuti munda wa makilomita 370 m'lifupi ulibe mpanda, ndipo maiko ambiri a mu Africa alibe sitima zokwanira zoulondera, kapena mafuta oyendetsera zimene ali nazo.

Akuba ali ndi macenjera ao. Sitima iliyonse iyenera kukhala ndi mbendera ya dziko limene inalembetsedwa, ndipo dzikolo ndilo liyenera kuilanga ikalakwa. Tsono wakuba alembetsa sitima yace ku dziko limene lingolandira ndalama osafunsa kanthu, ndipo ikadziwika asintha dzina ndi mbendera, monga wakuba ng'ombe asintha cizindikiro ca pa cikopa. Sitima zazikulu zili ndi makina oulutsa malo amene zili, koma wakuba awazima pofika pa malire. Akatswiri amene anayang'ana nyanja ndi zithunzi za setilaiti analengeza m'caka ca 2024 kuti pa sitima zinai zazikulu za usodzi, zitatu sizinali kuoneka pa mapu amene anthu onse akhoza kuona. Cenjero loposa onse ndilo kusamutsa nsomba pakati pa nyanja: sitima yozizira idza usiku, nilandira nsomba za sitima zingapo, zakuba ndi zacilolezo, nizifikitsa ku doko zitasanganizika. Cimanga cakuba cikathiridwa m'thumba limodzi ndi ca m'munda, kalaliki wa pa depoti sangacizindikire. Mwa njira yomweyi sitima yakuba ikhoza kukhala pa nyanja miyezi yambiri osaona mtunda, ndipo anchito ace, amene kawiri-kawiri ndi amphawi olembedwa ku maiko akutali, alibe kothawira angakhale asalipidwe.

Nkhani ya sitima yochedwa Thunder isonyeza kutalika kwa nchito yogwira wakuba mmodzi. Sitimayi inali kuba nsomba ya mtengo wapatali yochedwa toothfish m'madzi ozizira a kufupi ndi Antarctica, kumwera kweni-kweni kwa dziko la pansi. Inasintha maina ndi mbendera kambiri, ndipo apolisi a maiko onse a Interpol anaiika pa mndandanda wa zofunidwa m'caka ca 2013. Mu December 2014 sitima ya bungwe loteteza nyanja la Sea Shepherd, yochedwa Bob Barker, inaipeza ili kuchera. Thunder inathawa, nisiya maukonde ace m'madzi. Sitima inzace ya Bob Barker, yochedwa Sam Simon, inatsala kubvuula maukondewo, ndipo inatenga masabata angapo, pakuti utali wao unali makilomita 72. Anali maukonde a mtundu woletsedwa m'madzi amenewo, cifukwa ukonde wotere ukatayika upitirira kupha zaka ndi zaka, wopanda woonjola.

Bob Barker inalondola Thunder masiku 110, kupyola m'madzi oundana ndi m'namondwe, kuzungulira kumwera kwa Africa ndi kukwera ca kumadzulo kwace, ulendo woposa mamailosi 10,000. Ali m'njira, dziko la Nigeria, limene mbendera yace inali pa Thunder, linaifafaniza m'kaundula wace. Pa 6 April 2015, pafupi ndi zilumba za São Tomé ndi Príncipe, Thunder inamira nyanja ili bata. Olondolawo anapulumutsa anthu onse 40 amene anali m'katimo, ndipo amene anakwera m'sitimayo isanamire anapeza zitseko za m'kati zili zotsegula, monga acita munthu wofuna kuti madzi alowe msanga ndi kumiza umboni. Khoti la ku São Tomé linagamula kuti woyendetsa sitimayo ndi akulu awiri a makina akhale m'ndende pafupi-fupi zaka zitatu, ndi kulipira ndalama za euro 15,000,000. Masiku 110, sitima ziwiri, ndi mafuta osawerengeka, kuti wakuba mmodzi aleke.

WOGULA ALI KUTALI

Palibe munthu apita ku Antarctica kukaba ndiwo ya ana ace. Toothfish igulitsidwa m'nyumba zodyera za anthu olemera ku America ndi ku Asia, kumene aipatsa dzina lina lokoma, Chilean sea bass. Apa ndi pamene pali muzu wa nkhani yonse. Nsomba ndi cimodzi mwa zakudya zoyenda kwambiri pa malonda a pakati pa maiko. FAO inawerengera kuti m'caka ca 2022 malonda amenewa anafika pa madola mabiliyoni 195. Nsomba ikhoza kugwidwa ku Africa, kusendedwa ku China, kuikidwa m'bokosi ku Ulaya, ndipo pa dzanja lililonse mbiri yace ifafanizika pang'ono. Kafuku-fuku wa m'caka ca 2014 anapeza kuti pa makilogalamu 100 a nsomba za m'nyanja zolowa m'dziko la United States, pakati pa 20 ndi 32 anali ogwidwa mosatsata lamulo. Wodyayo sanabe, koma ndalama yace ndiyo inagula mafuta a sitima ya wakuba.

Msika ukafuna kanthu kamodzi ka pa thupi la nyama, cionongeko cikula koposa. Zipsepse za shaki zifunidwa ku Asia kuphikira msuzi wa pa maphwando, ndipo mtengo wace uposa kutali wa mnofu wace. M'caka ca 2008 Boma la Mozambique linagwira sitima yochedwa Antillas Reefer ili kupha shaki m'madzi ace yopanda cilolezo, ndipo m'katimo anapeza matani 43 a shaki ndi matani 4 a zipsepse. Sitimayo inalandidwa, nisanduka yolondera madzi omwewo amene inali kuba. Shaki siiswana monga pilchard. Icedwa kukula ndipo ibala ana owerengeka, monga ng'ombe. Akatswiri analengeza m'caka ca 2021 kuti shaki za pakati pa nyanja ndi abale ace zinacepa ndi magawo 71 pa 100 kuyambira 1970.

Palinso khoka lokokedwa pansi pa nyanja, lokhala ndi zitsulo zolemera, limene sitima zigwirira nkhanu ndi nsomba za pansi zogulitsa kunja. Khokali lipalasa zonse: matanthwe amoyo amene atenga zaka mazana kuti akule, udzu wa m'madzi mobisala ana a nsomba, akamba a m'nyanja. Zosafunidwa azitayira m'madzi zitafa kale. Munthu wogwetsa nkhalango yonse kuti agwire mbewa amuyesa wamisala, koma pansi pa nyanja palibe womuona.

Koma cimene cikhudza mphika wa mmphawi koposa zonse cili kucitika kumadzulo kwa Africa. Ku Senegal ndi ku Gambia kuli nsomba ya mafuta yochedwa sardinella, imene kwa anthu a kumeneko ili monga kapenta kwa anthu a ku Zambia. Amai aiwamba, naiumitsa, naitumiza ku midzi ya kumtunda ndi ku maiko opanda nyanja monga Mali ndi Burkina Faso. Kuyambira ca m'ma 2010 mafakitale a ufa wa nsomba anaculuka pa gombe limenelo, maka-maka ku Nouadhibou m'dziko la Mauritania, ndiponso m'midzi ya Gunjur, Sanyang ndi Kartong ku Gambia. Kuti apange kilogalamu imodzi ya ufa afuna makilogalamu anai kapena asanu a nsomba yaiwisi. Ufawo ndi mafuta ace apita ku Ulaya ndi ku Asia kukadyetsa nsomba zoweta ndi nkhumba. Mabungwe a Greenpeace ndi Changing Markets anawerengera m'caka ca 2021 kuti nsomba zopita m'mafakitalewa zinaposa matani 500,000 pacaka, zokwanira kudyetsa anthu 33,000,000. Fakitale igula bwato lonse nthawi imodzi ndi ndalama pamanja. Mai wa beseni limodzi sangapikisane nayo. Ndiwo ya mmphawi isanduka cakudya ca ndiwo ya wolemera, ndipo njira imene inatsiriza pilchard ya ku Namibia ndiyo yomweyi.

Ku Ghana kunali mcitidwe wochedwa saiko. Sitima zazikulu, zimene cilolezo cao cinali ca nsomba za pansi, zinali kugwira dala nsomba zazing'ono za asodzi a mabwato, kuziumitsa ndi cisanu, ndi kuzigulitsa pakati pa nyanja kwa mabwato amene anali kuzifikitsa ku doko la Elmina. Bungwe la Environmental Justice Foundation linawerengera kuti m'caka ca 2017 nsomba zotere zinali ngati matani 100,000, zambiri mwa izo zisanakule n'komwe. Anthu a kugombe anali kugula nsomba zao zomwe kwa amene anawabera.

KUBA NDI COLEMBERA

Si akuba onse ayenda usiku atazima nyali. Mu November 2019 bungwe la WikiLeaks linaulula makalata oposa 30,000 amene anaperekedwa ndi Jóhannes Stefánsson, munthu amene kale anali woyang'anira nchito za kampani ya ku Iceland yochedwa Samherji m'dziko la Namibia. Iye ananena kuti kampaniyo inapereka ziphuphu kwa akulu-akulu kuti ipatsidwe magawo a nsomba. Nduna ya za usodzi, a Bernhard Esau, ndi nduna ya za cilungamo, a Sacky Shanghala, anatula pansi maudindo ao mwezi womwewo, ndipo pambuyo pace anamangidwa pamodzi ndi anthu ena. Oimbidwa mlanduwo sanabvomere kulakwa, eni kampani anakana kuti analamula ziphuphu, ndipo pofika caka ca 2024, zaka zisanu zitapita, mlanduwo unali usanathe. Anthu a ku Namibia anaucha Fishrot, kutanthauza kuola kwa nsomba. Nsomba ya m'mlandu umenewu ndi karapao yemwe uja wa pa msika wa Katete.

Mlanduwu uphunzitsa kuti sitima yolondera siikwanira ngati ofesi yogawa zilolezo ili ndi khomo la kuseri. Gawo la nsomba ndi cuma ca mtundu wonse, monga malo a mfumu. Likagawidwa mseri, ndalama zimene zikanamanga sukulu zipita kwina, ndipo wolandira gawo mwa njira yotere alibe cifukwa cosungira nsomba za mawa.

Maiko sanakhale manja lende. Kuyambira caka ca 2010 bungwe la European Union lifuna kalata yosonyeza kumene nsomba inagwidwa isanalowe m'misika yace, ndipo licenjeza kapena kutsekera maiko olekerera akuba. Ghana anacenjezedwa mu 2013 ndiponso mu 2021. Pangano lopatsa madoko mphamvu yokaniza sitima zakuba kutsitsa nsomba linayamba kugwira nchito mu June 2016. Mozambique, South Africa ndi Namibia alimo, ndipo China, mwini sitima zambiri za usodzi wa kutali, analowamo mu 2025. Nzeru ya panganoli ndi yapafupi: kuthamangitsa wakuba pa nyanja n'kobvuta, koma tsiku lina ayenera kufika pa doko. Panatsala nkhani ya ndalama zimene maboma olemera athandiza nazo sitima zao, maka-maka pa mafuta. Akatswiri anawerengera kuti m'caka ca 2018 thandizo lokulitsa mphamvu ya kugwira linali ngati madola mabiliyoni 22, ndipo popanda ilo sitima zambiri za kutali sizikanapeza phindu. Bungwe la malonda a maiko la WTO linagwirizana mu June 2022 kuletsa thandizo lotere kwa sitima zakuba, koma panganolo linadikira kufikira September 2025 kuti liyambe kugwira nchito. Nsomba ziswana caka ndi caka, mapangano atenga zaka khumi.

Tsono karapao ali pati? Ndiye nsomba yoculuka koposa imene yatsala m'madzi a Namibia, ndipo kwa zaka zambiri Boma la kumeneko linali kulola matani oposa 300,000 pacaka. M'caka ca 2022 malire anali matani 330,000. Pofika 2024 anatsitsidwa kufika pa matani 270,000, potsata uphungu wa opima nsomba. Akulu a usodzi a dzikolo adandaula kambiri za sitima zacilendo zimene zidikira ca kumalire a Angola, pafupi ndi mathiriro a mtsinje wa Kunene, ndi kulowa usiku kudzakokola karapao, kenaka n'kubwerera kusanace. Matani amene zitenga salowa m'buku la munthu aliyense, motero opima awerenga nkhokwe imene ili ndi kabowo kena kumbuyo. Nsomba ikacepa ku Walvis Bay, katoni ikwera mtengo ku Lusaka, ndipo mulu wa pa thebulo la ku Petauke ucepa ndi nsomba imodzi.

Kunena za pilchard, m'caka ca 2018 Boma la Namibia linaletsa kuigwira kwa zaka zitatu, ndipo zakazo zitatha ciletsoco cinapitirizidwa, cifukwa nsombayo inali isanaculuke. Mafakitale a zitini a ku Walvis Bay, amene anamangidwa pa gombe la pilchard yoculuka, anayamba kuitanitsa pilchard youmitsidwa ndi cisanu kucokera ku Morocco, kumpoto kweni-kweni kwa Africa, kuti makina ao asaime ndi anchito ao asacotsedwe.